Tsiku Lomwe Tinasudzula Alamu

Titangomaliza kumeta maliro a achemwali anga a Edna, achimwene a Chester anandiitanira kuseri kwa khitchini n'kundiuza kuti nthawi yosudzula alamu yakwana.

Kwathu kuno ku Limbuli mwamuna akakwatira amabwera kudzakhala kwa mkazi. Malo ndi a kuchikazi, ana ndi a kuchikazi, iyeyo ndi mkamwini basi, ngakhale akalambire pamudzipo mpaka mano kutha m'kamwa. Mkazi akamwalira, abale a mkaziyo amakhala pansi n'kumumasula mwamunayo kuti abwerere kwawo. Kumeneko ndiko kusudzula. Wokhala ndi ana nthawi zambiri amangotsala ndi ana akewo, palibe amene amamunena. Koma alamu anga a Golden ndi achemwali a Edna sanaone mwana. Mwana amene analera ndi ineyo Cecilia, ndipo pamwambo ine si mwana wawo, ndine mlamu chabe.

"Ndiye muwauza kuti atsale, eti?" ndinafunsa.

A Chester anakanda mutu wometa uja. Achimwene angawa ndiwo eni mbumba yathu, munthu wabwino ndithu, koma pakamwa pa anthu amapaopa kuposa njoka.

"Chemwali, munthu wamkulu samangidwa. Ali ndi kwawo. Ife tikayamba kunena kuti tsalani, mawa tidzamva kuti tawasandutsa mlonda wa nyumba. Akafuna kutsala anena okha, pakamwa ali napo."

Ndinangoti chabwino. Nkhawa ndinalibe. Munthu amene wakhala pamalo zaka zoposa makumi anayi angapitenso kuti?

A Golden anachokera kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, ku Mozambiki, nkhondo ija isanafike kwawo. Ine ndinali kamwana ka mamina, mayi athu atangomwalira kumene. Limbuli wa nthawi imeneyo musamuyerekeze ndi uyu wa magetsi ndi njinga zamoto. Ukaima pakhonde pathu unkaona chimanga, nandolo ndi chinangwa mpaka kukafika ku tiyi wa ku esiteti, kenako phiri. Msewu unali wafumbi, ndipo galimoto ikadutsa ana tonse tinkathamangira kukanunkhiza utsi. Sitolo inali imodzi, mchere ukatha mmenemo ndiye kuti watha m'dziko lonse.

Malemu amalume athu anapatsa mkamwini watsopanoyo thengo la tsekera ndi zitsa kuti aone ngati ali ndi msana. A Golden anaswa mphanje osadandaula, dzuwa likuwawamba. Anthu ankaseka Chichewa chawo chosakaniza ndi Chilomwe ndi Chipwitikizi, ngati kuti makolo athu omwe sanachokere komweko. Ine ndiye ndinali patsogolo pa kuwaseka, poti chilamu chimalola. Ndinkawatcha a Bondiya chifukwa cha moni wawo wa m'mawa wa Chipwitikizi, woti bondiya. Iwo ankangoti, "Alamu, kulani msanga, ine ndi amene ndidzakukwatireni, matamawa adzatha." Koma chikuku chitandigwira, ndi iwo amene anandibereka ndi chitenje cha achemwali n'kupalasa njinga mpaka kuchipatala cha Mulanje Mission, anthu m'njira akuloza mwamuna wobereka mwana kumsana. Yunifolomu yanga yoyamba anagula ndi iwo, atagulitsa nandolo.

Tawuniyi inabwera ife tikuona, koma palibe amene angatchule tsiku limene inafika. Nkhondo itavuta kutsidya, anthu anawoloka ndi mitolo pamutu n'kumanga zisakasa m'mbali mwa msewu. Wina anayala nsomba zouma pathumba, wina chimanga, wina kaunjika, msika n'kubadwa pansi pa mango amene a Golden anadzala m'malire a munda. Nkhondo itatha ambiri anabwerera kwawo, koma msika sunabwerere nawo. Kunabwera phula, kenako mapolo a magetsi, zigayo, maresitihausi, mabala, ndi matchalitchi a zokuzira mawu amene amasokoneza ngakhale atambala. Pambuyo pa zonsezo kunabwera mawu akuti poloti. Chimene tinkangoti munda chinasanduka mapoloti, ndipo mbumba yathu inayamba kuduladula, uyu chifukwa cha sukulu ya mwana, uyu chifukwa cha matenda, uyu kufuna malata. Inenso sindidzipatula, changa chinapita, ndipo ndi chimene chinandimangira katiirumu komwe ndimagulitsamo tiyi ndi mandasi.

Chomwe chinatsala ndi nyumba ya achemwali ndi kamunda ka kuseri kwake, kopanikizika pakati pa shopu ya feteleza ndi mpanda wa njerwa wa munthu wina wa ku Blantyre amene nkhope yake sitinaionepo. Kamundako anthu ankakameza malovu. Wina anachita kundifunsa pamaliro pomwe, achemwali asanaikidwe n'komwe, ngati poloti ija ili pamalonda. Zimene ndinamuyankha sindingazilembe pano, poti ndine wa kwaya.

Ndinadikira kuti alamu anene kanthu. Sananene. M'malo mwake anayamba kuchita zinthu zondiwawitsa mtima. Nkhunda zawo, zimene ankaziitana ndi mluzu m'mawa uliwonse, anazigawira anthu oyandikana nawo. Anakwera padenga la khitchini, munthu wamkulu ngati uja, n'kutseka ponse podontha. Ananola makasu onse n'kuwayedzeka m'chipinda. Nandolo wa kuseri anathyola, anayanika, anapuntha, n'kundibweretsera ku tiirumu atamusenza paphewa.

"Alamu, uyu ndi wanu. Anadzala ndi achemwali anu."

"Nanga inuyo muzidya chiyani?"

"Aa, ine ndi wapaulendo."

Wapaulendo! Mawu amenewo anandipweteka koopsa. Ndinati kani zaka zonsezi munthuyu amangodikira kuti achemwali atsinzine, iye anyamule chikwama? Kani ife sitinali anthu ake? Ine ndikakwiya sindibisa, aku Limbuli amandidziwa. Ndinasiya kuwaseka, ndipo kwathu kuno mlamu akasiya kukuseka ndiye kuti zinthu zaipa. Ndikakumana nawo moni wanga unali wa ku ofesi, waulemu koma wouma.

Tsiku losudzula tinakhala pakhonde la achemwali, Loweruka m'mawa, chigayo chikubangula kutsidya kwa msewu moti a Chester ankachita kukweza mawu. Kuchokera kwawo kwa a Golden sikunabwere munthu. Uthenga tinatumiza, koma amene ankawadziwa bwino onse anagona kale. A Golden anakhala okha pampando, chipewa pamaondo, atavala jekete lawo la maukwati ndi maliro lija.

A Chester anayankhula bwino, pamenepo sindingawanamizire. Anati mkamwini uyu sanamenyepo mkazi, sanatukwanepo apongozi, m'chaka cha njala sanathawe, pamavuto athu onse anali patsogolo. Azimayi ena anayamba kufwenthera.

"Lero takumasulani, alamu. Tilibe nanu chifukwa chilichonse. Kodi inuyo muli ndi mawu?"

A Golden anayang'ana chitseko cha nyumba, anayang'ana kamunda kaja, anatiyang'ana ife amene tinakhala pamphasa, kenako n'kuwerama.

"Ndilibe mawu, alamu. Mwandisunga bwino. Mulungu akudalitseni."

A Chester anandiponyera diso ngati akuti, wadzimvera wekha. Ine ndinadzuka n'kupita kukatsuka mapoto amene anali oyera kale.

Munthu wosudzulidwa sangochoka yekha ngati wakuba, wina wa pamudzi amakamusiya m'manja mwa abale ake. A Chester miyendo yawo ndi ya nyamakazi, ndiye ntchitoyo inagwera ine. Tinanyamuka Lolemba m'mawa. Katundu wa zaka zonsezi anakwana m'chikwama chimodzi cha mizeremizere, wailesi ili m'manja. Ndinati tikwere kabaza pakhomo pomwepo tithane nazo. A Golden anati ayi, tiyambe tayenda pansi mpaka kumapeto kwa msika.

Ulendo umene mwana amaumaliza asanathe nzimbe tinauyenda mpaka dzuwa kuyamba kuswa mtengo. Pamalo omwetsera mafuta magalimoto, a Golden anaima.

"Apa ndi pamene panali chulu chija. Achemwali anu ankagwirapo ngumbi, koma m'poto munkafika zochepa. Zambiri zinkathera m'kamwa zikuuluka."

Titafika pashopu ya mafoni anaimanso.

"Apa ndiye chitedze chinawagwira. Anabwera kudzandizonda ndikuswa mphanje, kunamizira kuti akufuna nkhuni. Anabwerera kunyumba akuvina popanda ng'oma."

Ankaseka okha, misozi ikulengeza. Ine ndinali nditatupa, osafuna kuwapatsa ngakhale dzino limodzi. Anyamata a njinga zamoto ankatiimbira mahutala kuti tichoke panjira, osadziwa kuti mkulu akumukuwizayo waima pakati pa munda umene anaulima yekha. Anandionetsa pamene panali chitsime, tsopano pali chimbudzi cholipira. Anandionetsa pamene anandiphunzitsira kupalasa njinga, ine n'kugwera m'mizere ya mbatata n'kuwatukwana. Zonsezo ndinkazikumbuka, koma ndinkangoyang'ana kumbali.

Kumsika kunatsala mitengo iwiri yokha ya mango aja, yodzaza misomali yokolekapo kaunjika. A Golden anaima n'kusisita khungwa la umodzi. Pamenepo anatuluka che Ahmadu, mwini shopu ya nsalu. Bambo awo a che Ahmadu anafika ku Limbuli atasenza makina osokera pamutu, ndipo anali a Golden amene anakawapemphera kwa amalume kuti azisokera pamthunzi wa mangowo. Kuyambira pamenepo mabanja awiriwa sanasiyane. Che Ahmadu ndi a Golden ankasewera bawo masana alionse kupatula Lachisanu, n'kumanenana zakuba njombwa ngati ana.

"A Golden, chikwama chimenechi n'cha kuti?"

"Ndikupita kwathu, che Ahmadu. Andimasula."

Che Ahmadu anatembenukira kwa ine. "Amayi, walayi, mwawathamangitsa akuluwa?"

"Wawathamangitsa ndani? Afuna okha! Afunseni, si awa ali pompa?"

A Golden anangomwetulira, osavomera osakana. Che Ahmadu analowa m'shopu, anadula nsalu ya malaya, n'kudzaiika m'chikwama muja osafunsa.

"Ifenso kwathu mwambo ndi womwewo, sindikunyoza," anatero. "Koma tawuni ino ikundidabwitsa. Ine wobwera ndili ndi poloti yanga. Wa hadiweya uyo wafika dzana ali ndi yake. Amene anazula zitsa kuti tonsefe tipeze poima ndiye mlendo."

Mawuwo anandilowa, koma mkwiyo unali udakali pamwamba. Ndinaitana makabaza awiri.

Inali nthawi ya chilimwe, Muloza ali m'maondo. Tinawolokera pamene amawolokera anthu a chimanga, tikupatukira njinga zolemedwa ndi matumba zimene zinkalowera ku Limbuli. Kutsidya tinayenda pansi. Apa ndi pamene ndinayamba kuona zachilendo. Munthu wothamangira kwawo amatsogola, mwendo umapepuka. A Golden ankakoka miyendo. Pamphambano ina anaima, anayang'ana uku ndi uku, n'kusankha njira imene inakathera m'dimba la munthu. Tinabwerera. Mapeto ake anachita kufunsa mayi wina wosenza nkhuni kuti awalozere kumudzi kumene anabadwira.

Amene anatilandira ndi Ameliya, mdzukulu wa malemu mlongo wawo, mtsikana wa ana atatu. Anagwada, anatipatsa moni, anatiyalira mphasa yatsopano ya alendo. Anati za agogo a ku Malawi anamvapo, ndipo anawaonapo kamodzi pamaliro ali wamng'ono. A Golden anapatsa anawo moni m'Chilomwe, iwo anayankha m'Chipwitikizi n'kuthawira kuseri kwa mayi wawo. Ameliya anatikazingira mtedza, n'kutionetsa kanyumba kosungiramo chimanga. Anati matumba awasunthira mbali imodzi, agogo apeza pogona. Ameliya analibe cholakwa. Anachita zonse zimene munthu woleredwa bwino amachitira mlendo amene sakumudziwa.

A Golden anafunsa za mtengo wa mbawa umene unali pakhomo pa mayi awo. Anati unapita ku makala. Anafunsa za mnzawo wina amene anavinidwa naye. Anamwalira. Anafunsa za wina. Anapita ku Mokuba nthawi ya nkhondo, sanabwerenso. Anafunsa kumene kuli manda a mayi awo, Ameliya n'kuloza ndi mlomo chapatali, kunena kuti sakudziwa bwino, mwina aakulu a tsidya ilo angadziwe. A Golden anasiya kufunsa. Anatsegula wailesi, inangoti phwee phwee, n'kuitseka. Anakhala pamphasa paja chipewa chili pamaondo, jekete osavula, ngati munthu wodikira basi.

Ndinamva chisoni, ndipo chisonicho chinandikwiyitsanso. Ndinadziuza kuti afuna okha, ine ndagwira ntchito imene andituma. Dzuwa litapendeka ndinapereka mawu a achimwene kwa Ameliya, akuti munthu wanu uyu tabweza ali bwino, n'kutsanzika.

Ameliya anamanga mwana kumsana kuti andiperekeze, koma a Golden anadzuka.

"Khala, mwanangu. Mlendoyu ndi wanga, ndimuperekeza ndine."

Mlendo sachoka yekha pakhomo, zimenezo n'chimodzimodzi tsidya lino ndi tsidya ilo. Mwini khomo amakutulutsa, amakufikitsa pamene nyumba zathera kapena pamphambano, mumagwirana chanza, iye n'kubwerera. Tinayenda mpaka pamene nyumba zinathera.

"Bwererani apa, alamu. Zikomo."

"Pang'ono pokha. Pali agalu oluma chapatsogolopa."

Galu sitinamuone ngakhale mmodzi. Tinafika pamphambano ija. Ndinaima n'kutambasula dzanja.

"Apa ndiye basi. Tsalani bwino."

"Ndikufikitseni pa nsungwi zo. Njira ino ndi yosokoneza."

Ananena zimenezo munthu amene masana omwewo anatisocheretsa m'dimba. Pa nsungwi sanadikire n'komwe kuti ndiyankhule, anangopitirira, atatsogola, mwendo uli wopepuka ngati wa mnyamata. Ine ndinkachita kuthamangira pambuyo.

Tinafika pamtsinje. Ukaima pagombe limenelo umaona tiyi ali biriwiri, phiri lili kumbuyo kwake, ndipo chapansi umaona malata a Limbuli akunyezimira ndi nsanja ya mafoni itaima pakati. A Golden anayang'ana kumeneko nthawi yaitali. Kenako anawerama n'kuyamba kupinda thalauzi.

"Mukutani, alamu?"

"Miyala ya apa ndi yoterera. Ndingokuwolotsani."

Pamenepo ndi pamene maso anga anatseguka. Ndinakhala pamwala.

"Alamu, tandiyang'anani. Kumene ndakusiyani kuja, mukukufuna?"

"Ameliya ndi mwana wabwino."

"Sindinafunse za Ameliya."

Anapitiriza kupinda mwendo wa thalauzi umene unali wopinda kale. Kenako anati, "Sesi." Dzina limenelo anasiya kunditchula nditatha msinkhu. "Ine kuja sindidziwa ngakhale kotunga madzi. Anthu anga onse ali uko." Analoza malata aja ndi chipewa. "Amoyo ndi akufa omwe."

"Nanga bwanji simunanene? A Chester anakufunsani pamaso pa anthu, muli ndi mawu? Inu n'kuti mulibe!"

"Ndikananena chiyani? Mkamwini wopanda mwana apemphe kutsala, pamalo pamene pasanduka poloti? Munthu uja anakufunsani pamaliro ndinamumva, ndinali kuseri kwa chisakasa. Anthu akanati a Golden akakamira kuti adye malo a mkazi. Zaka zonsezi sindinatengepo ngakhale chitsononkho cha pamudzi panu, ndiye ndiyambe lero, achemwali anu dothi lisanaume? Ndinati ngati akundifuna, wina anena kuti tsalani."

"A Chester ankati mukafuna munena nokha!"

"Ndinayang'ana inu, alamu. Munadzuka."

Ndinathawira ku funso lina.

"Nanga nkhunda munagawiranji? Denga munakwereranji? Ine ndimati mwatopa nafe, mukuthamangira kwanu."

"Nkhunda zikanadya chiyani ine kulibe? Denga ndinati mvula ikadzabwera musadzavutike kufuna munthu."

Ndinalira pamwala paja mokweza, ngati maliro ayambiranso, mpaka anyamata a chimanga kuima ndi njinga zawo pakati pa madzi. Ndinkalirira achemwali, ndinkalirira munthu uyu amene anandibereka kumsana, amene ndinangotsala pang'ono kumusiya pakati pa matumba a chimanga. Ndipo poti ine kulira kwanga sikuyenda kokha, ndinawakalipiranso.

"Inu ndi a Chester ulemu wanuwo udzapha anthu! Wina akuopa kumanga munthu, wina akuopa kupempha, nonse kungokhala phee ngati mwamwa phala lamoto. Ine ndikanamva bwanji? Ndine mneneri ine?"

"Pepani, alamu."

"Musandipepese! Tiyeni kunyumba."

A Golden anapukusa mutu pang'onopang'ono. "Mwambo wachitika kale. Mwandimasula anthu akuona, mwandipereka kwa abale anga. Ndikangotulukira lero lomwe, a Chester adzaika kuti nkhope? Anthu adzati chiyani?"

Apo ananena zoona. Kusudzula kulibe pobwezera, sindinamvepo kuti anthu anakhalanso pamphasa kuti amange munthu amene anamumasula. Ndinawayang'ana ataima pamenepo, thalauzi lili m'maondo, miyendo yowonda ili mbuu ndi fumbi, nsapato atazinyamula m'manja.

"Ndani wanena zobwerera?" ndinatero, ndikupukuta mamina ndi chitenje. "Inu simukubwerera. Mukundiperekeza. Kodi ulipo mwambo umene umauza munthu woperekeza mlendo kuti athere apa? Amathera pamene wafuna mwini wake."

Anaganiza kaye. Ndinaona masharubu awo akugwedezeka.

"Ayi, umenewo sindinaumvepo."

"Ndiye gwireni dzanja, miyalayi mwati ndi yoterera."

Tinawoloka. Kunena zoona amene ankaterereka ndi iwo, ine ndi amene ndinkawagwira, koma zimenezo sindinawauze mpaka tsiku lina nditafuna kuwaseka.

Tinalowa mu Limbuli dzuwa likufiira, ogulitsa akulongedza kaunjika. Che Ahmadu anationa ali pakhomo pa shopu. Anangokweza manja kumwamba, osafunsa kanthu. A Chester tinawapeza atakhala pakhonde la achemwali, ndodo ili pakati pa miyendo, akuyang'ana khola la nkhunda lopanda kanthu. Atationa anadzuka, nyamakazi n'kuiiwala.

"Alamu! Kwagwanji? Sanakulandireni?"

"Andilandira bwino, alamu. Ndangoperekeza achemwali anuwa."

A Chester anandiyang'ana. Ine ndinawabwezera diso limene amalidziwa kuyambira tili ana, lonena kuti mukatsegula pakamwa molakwika muona. Anayang'ananso a Golden, opanda chikwama, opanda wailesi, thalauzi lonyowa. Achimwene anga ndi amantha koma si opusa. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kiyi wa nyumba.

"Mwachita bwino, masiku ano mzimayi sayenda yekha. Ndiye yambani mwapuma. Kutsidya n'kutali, musachite kuthamanga."

Atatero anayamba kutsokomola chifuwa chimene analibe.

Chikwama ndi wailesi zinabwera pa kabaza patapita masiku, Ameliya atawonjezeramo mtedza. Mwanayo tsopano amatipeza akabwera kudzagulitsa chimanga, ndipo ana ake anayamba kuwazolowera agogo awo. Nkhunda zina zinathawa kumene anazigawa n'kubwerera zokha m'khola, eni ake atsopano sanadandaule. Ogula mapoloti amabwerabe. A Chester amawauza kuti panyumbapo pali mlendo amene sanatsanzike, adzabwerenso akachoka.

Mvula yagwa kangapo chichitikire zimenezi. Tawuni ikukulabe, kuseri kwa msika akumanga nyumba yosanja, ndipo mtengo umodzi wa mango uja anaudula. Anthu atsopano sadziwa kuti mkulu amene amakhala pabenchi ya tiirumu yanga m'mawa uliwonse ndi ndani. Akale akafuna kuseka amawafunsa kuti, "A Golden, simunapitebe kwanu kodi?" Iwo amayankha nkhope ili gwa kuti akadaperekeza mlendo.

Tsiku lina posachedwapa, makasitomala atachepa, ndinawaikira tiyi n'kuyamba chilamu changa.

"A Bondiya, inetu ndinafika kalekale. Simubwerera?"

Sanaseke. Anagwira kapu ndi manja awiri, akuyang'ana kumene msewu umakhotera kumanda a mbumba yathu. Mkamwini akamwalira thupi lake limapita kwawo, ndipo ndinadziwa kuti zimenezo akuzidziwa bwino kuposa ine.

"Alamu, ndili ndi mawu."

Ndinakhala pansi. Chibadwire changa ndinali ndisanawamvepo akudzipemphera kanthu pamudzi pathu.

"Tsiku limene mudzandiperekeze inuyo, musadzandiwolotse mtsinje. Pafupi ndi achemwali anu pali kamalo. Ndinakaona, ndikwanapo."

Ndinawauza kuti ndamva, ndipo kuti ulendo uno sindidikira a Chester kuti ayambe ndi iwo. Ndinavula epuloni, ndinasiya mandasi ali pamoto m'manja mwa mayi wa tomato woyandikana nane, n'kupita kukawauza achimwenewo nthawi yomweyo.